Tsiku limene ndinauwa ngati galu ku Athens

Kwathu munthu akakutchula galu ndiye kuti ndewu yayamba kale. Ndiye tangoganizani mmene ndinamvera m'mawa wa Loweruka, pa 15 Januwale 2022, alamu anga atagogoda pachitseko, n'kundiponyera juzi yofiira pabedi, amvekere: "Dzukani alamu, valani iyi. Lero nanunso ndinu galu."

Ndinali ku Lawrenceville, kunja kwa mzinda wa Atlanta, kukaona achemwali anga omwe anali atangochira kumene mwana wachiwiri. Thupi linali ku America koma mtima unali ku Cameroon, poti dzulo lake Flames inali itakwapula Zimbabwe 2-1 ku Bafoussam, zigoli zonse ziwiri za Gabadinho Mhango. Za agalu awo a alamu sindinkazilabadira. Sabata yonseyo ankangoyenda m'nyumba akumwetulira okha ngati munthu woti wapeza banja, ati chifukwa timu ya sukulu yomwe anaphunzirako, University of Georgia, yatenga chikho cha dziko lonse pa mpira wa ku America uja, wooneka ngati papaya, womwe amathamanga nawo m'manja atavala zipewa zolimba. Ine mumtima ndinkati, timu ya ana asukulu basi? Mpaka bambo wa ana awiri kusowa tulo?

Tinanyamuka dzuwa lisanatuluke bwinobwino, ngati linatuluka n'komwe, pakuti kumwamba kunali mitambo yokhayokha ndipo kunkazizira kolasa m'mafupa. Msewu wa 316 wopita ku Athens ndi wa ola limodzi, koma tsiku limenelo tinayenda ngati tili pamdipiti wa maliro, kungoti maliro ake achisangalalo. Galimoto iliyonse inali ndi timbendera tofiira ta chilembo G m'mawindo. Wina akatsitsa galasi n'kukuwa kuti "Go Dawgs!", a m'galimoto ina ankayankha ndi kuuwa. Kuuwa kwenikweni, huu! huu! huu! Madoda a imvi, azimayi ovala bwino, onse. Ndinawayang'ana alamu. Nawonso anali akuuwa.

M'njiramo ndi momwe anandilongosolera gwero la misalayi. Timuyi, yomwe dzina lake ndi Bulldogs (mtundu wina wa agalu), inatenga chikhochi komaliza mu nyengo ya 1980, pomwe inagonjetsa Notre Dame 17-10 pa 1 Januwale 1981, mphunzitsi ali Vince Dooley, ndipo kamnyamata kothamanga ngati mphepo kotchedwa Herschel Walker kali m'chaka choyamba. Kuchoka apo, zaka 41 za njala. Chowawa kwambiri n'choti amene ankawatsekera njira kawirikawiri anali aneba awo a Alabama, a mphunzitsi Nick Saban. Mu Januwale 2018 Georgia inatsogola pa fainolo ku Atlanta komweko, koma inaluza 26-23 mu nthawi yowonjezera. Mu Disembala 2021 Alabama inawaswanso 41-24. Ndiye Lolemba pa 10 Januwale, ku Indianapolis, zinthu zinatembenuka: Georgia 33, Alabama 18. Mphunzitsi wa Georgia, Kirby Smart, anasewererapo timu yomweyi ali mnyamata, kenako anakhala zaka zambiri akugwira ntchito pansi pa Saban. Mwana wa ng'ona anamuluma mwini dziwe.

Athens ndi tauni yaing'ono, yokongola, yamapiri pang'ono, ndipo moyo wake wonse wazungulira yunivesiteyi, yomwe chikalata choikhazikitsa chinasainidwa mu 1785. Galimoto tinaisiya kutali n'kuyamba wapansi. Pofika mu Lumpkin Street, momwe osewera amayenera kudutsa, malo oima anali atasowa kale. Ana anali pamapewa a makolo awo, achinyamata atakwera pamakoma ndi m'mitengo, ena atabwera ndi agalu awo enieni atawaveka majuzi. Galu wovala juzi, ine ndikunjenjemera ndi mphepo! Alamu anandiuzanso kuti timuyi ili ndi galu wake woyera dzina lake Uga, yemwe amakhala ndi kanyumba kake m'bwalo momwemo, ndipo akafa amaikidwa m'manda a mwala wa mabo m'kati mwa sitediyamu, wina wa mtundu womwewo n'kulowa ufumu. Izi ndikakafotokoza kumudzi adzati ndabwera ndi bodza la ku America.

Tinapeza kampata pafupi ndi bambo wina wachikulire yemwe anakhala pa kampando kopinda, atafunda bulangete m'miyendo. M'manja anagwira botolo la Coca-Cola lopanda kanthu, lakalekale, lolembedwa za chikho cha 1980. Ataona kuti ndikuliyang'anitsitsa anandipatsa kuti ndiligwire. Anati analigula ali wophunzira, n'kulumbira kuti sadzalitsegula mpaka timu idzapambanenso. Linasamuka naye nyumba zingapo, ana ake anakula akuletsedwa kulikhudza, ndipo analitsegula Lolemba lija pakati pa usiku. Ndinamufunsa kuti zinkakoma bwanji. Anaseka mpaka kutsokomola, ati gasi anathawamo kalekale, zinangokhala ngati madzi a shuga, koma anamwa zonse osasiyako dontho. Alamu anati si iye yekha, ambiri ku Georgia anasunga mabotolo otere.

Apa m'pamene ndinasiya kuderera. Munthu amene wadikira chinthu zaka 41 sungamufunse ngati chinthucho n'chachikulu. Ife a Flames tikuidziwa njala imeneyi: ku mpikisano wa AFCON tinapita mu 1984, 2010, kenako mpaka 2022.

Itadutsa 12 koloko phokoso linayambira kumtunda kwa msewu n'kumatsika ngati mvula ya mkuntho ikamabwera pa malata. Kunadutsa gulu la zitoliro ndi ng'oma la sukuluyi, Redcoat Band, kenako magalimoto otsegula pamwamba atanyamula osewera. Ndikuuzeni, anyamatawa ndi zimphona. Jordan Davis, wovala nambala 99, ndi munthu woti akaima pakhomo mphepo siilowa. Koma yemwe anthu anamukuwira mpaka mawu kusasa ndi wochepa thupi pakati pawo, Stetson Bennett, woponya mpira, yemwe iwo amati quarterback. Nkhani yake ndi yomwe inandigwira mtima. Kwawo ndi ku Blackshear, katauni kakumwera kwa Georgia. Analowa timuyi mu 2017 popanda sikolashipi, ngati wongothandizira pa zokonzekera. Ataona kuti sakupatsidwa mpata anapita ku koleji ina yaing'ono ku Mississippi, n'kubwereranso. Ngakhale m'nyengo ya chikhoyi, ochemerera ambiri ankafuna kuti akhale pabenchi. Bambo wa botolo uja anavomera yekha kuti nayenso ankamunyoza. Usiku wa fainolo, Kelee Ringo atawakha mpira wa Alabama n'kuthamanga nawo mayadi 79 kukatseka masewero, makamera anamuonetsa Bennett akulira ngati mwana m'mbali mwa bwalo.

Mwambo weniweni unachitikira mu Sanford Stadium, bwalo lomwe panthawiyo linkalowa anthu 92,746, kuposa kawiri Bingu National Stadium. Bwalo la sukulu limenelo. Matikiti anali aulere koma ife tinalibe, ndiye zolankhula za akuluakulu tinangozimvera panja, mkokomo wa anthu ukugwedeza pansi. Sindinadandaule. Miyendo inali itauma ndipo ndinkafuna tiyi.

Pokwera kubwerera m'tauni ndinawafunsa alamu funso lomwe linkandisowetsa mtendere: anyamata odzaza bwalo lotereli amalandira zingati? Anati malipiro enieni ochokera ku sukulu panalibe, koma sikolashipi, malo ogona ndi chakudya. Ndi mu Julayi 2021 momwe malamulo anawalola kupanga ndalama ndi dzina komanso nkhope zawo, monga kutsatsa malonda. Pomwe mphunzitsi wawo ankalandira madola pafupifupi 7 miliyoni pachaka. Ine izi sizinandikomere, ndipo ndinawauza. Alamu anangoti, "Lero ayi alamu, tidzakangana mawa." Koma iwo omwe ndi amene anandiimitsa pafupi ndi chipata chakale cha sukuluyi, The Arch, n'kundiloza nyumba ya Holmes-Hunter, yotchedwa maina a Hamilton Holmes ndi Charlayne Hunter, ophunzira akuda oyamba kuloledwa pano mu 1961, khoti litalamula. Osewera mpira akuda oyamba analowa timuyi mu 1971. Ndinakumbukira nkhope za anyamata a pamagalimoto aja, ambiri a iwo akuda ngati ine, ndi chikhamu chomwe chinkawakuwira. Sindinayankhe kanthu.

Pachipatapo pali mwambo woti wophunzira sadutsa pansi pake mpaka atamaliza maphunziro. Alamu anadutsa pakati penipeni monyada, chifuwa patsogolo. Ine, ngakhale sindine wophunzira wawo, ndinalambalala. Zamalaulo sindiseweretsa, kaya ndi za eni ake.

Kuseri kwa tchalitchi chaching'ono cha sukuluyi kuli belu lomwe amaliza timu ikapambana. Panali mzere wautali, ndipo tinaima nawo. Itafika nthawi yanga ndinagwira chingwe, n'kukoka mwaulemu ngati belu la Sande sukulu. Silinalire. Kamtsikana kena kumbuyo kwanga kanandiuza kuti ndilendewere ndi thupi lonse. Ndinatero, belu linalira, chingwe chinandinyamula mpaka zidendene kusiya pansi, anthu n'kuyamba kuuwa. Ndivomere pano, poti alamu ali ndi vidiyo yake ndipo akuti adzaitumiza pa gulu la WhatsApp la kubanja: nanenso ndinauwa.

Mawa lake kunagwa chipale chofewa, sitinatuluke m'nyumba. Lachiwiri pa 18 Flames inkakumana ndi Senegal ya Sadio Mané, ndipo ndinawauza alamu kuti ngongole ibwezedwe, akhale pansi aonere mpira weniweni. Juzi sanavutike kusaka, poti nafenso timavala zofiira. Woimbira mpira ataimba wezulo yomaliza zili 0-0, alamu anadumpha pampando n'kuuwa katatu. Mwana anadzidzimuka n'kuyamba kulira, ndipo achemwali anatithamangitsira tonse awiri ku garaja.