Tchete wa ku Chia ndi nyumba zake zitatu

Tchuthi cha Khirisimasi ndinali kwa amalume ku Chia, chakumtunda kwa mlatho wa pa M5 uja. Netiweki yake yovuta, ndiye mmawa uliwonse ndimangotenga kampando ndi kope nkukakhala pansi pa mtengo wina m'mbali mwa madzi. Mtengowo ndi tauni ya atchete, zisa lendelende kunsonga kwenikweni kwa nthambi komwe njoka imavutika kufika, phokoso lake ngati pogulitsa usipa.

Ndinasankha mmodzi woti ndizimulondola, wachikasu, kumaso kuli bii. Omanga ndi aamuna okhaokha. Amapita pa bango, kuluma tsamba m'mphepete nkuuluka nalo likung'ambika ngati luzi, kubwera kudzaliluka ndi mlomo mbali inayo ataiponda ndi phazi. Amayamba ndi kamphete, kenako chipinda, khomo kuyang'ana pansi. Tsiku limodzi nyumba yatha. Ine mkeka unandikanika kalekale manja ndili nawo awiri.

Ndiye kubwere wamkazi, wotuwa, ungamuyese mpheta wamba. Mnyamata uja analendewera chadodolido kunsi kwa chisa, mapiko akukupiza, akulira ngati wailesi yosowa siteshoni. Mayi analowa, kukoka udzu apa ndi apo, kutuluka, ulendo. Osatsanzika nkomwe. Patapita masiku udzu unauma chisa nkufiira, ndipo akaziwa chouma safuna amafuna chobiriwira, basi mwini wake anachiphwasula yekha ine ndikuona, zinyalala zikugwera m'madzi, nkuyambanso pa nthambi yomweyo. Chachiwiri chimodzimodzi, ndinachita kumumvera chisoni eti.

Chachitatu ndiye chinalandiridwa. Ndinadziwira poona wamkazi akulowetsa tiudzu tofewa ndi nthenga, paja kuyala mkati ndi ntchito yake iyeyo. Koma abale, sipanathe masiku awiri bambo uja wayamba kale chisa china pambali pomwepo akuitanira wina. Mitala yosabisa.

Amalume zonsezi sizimawakomera olo pang'ono. "Mphwanga, iwe ukuwalemba m'kope, ine mpunga ukayamba kucha ndimadzuka kuli mdima kukawaingitsa ndi zitini, nsima ndimadya dzuwa litapendeka." Ndawalonjeza kuti mu Epulo ndibwera kudzawathandiza kuingitsa. Kope ndibwera nalonso, koma zimenezo sindinawauze.