Mnyamata wa ku Muloza ndi maloto ake a intelijensi ya pamadzi

Sabata yathayi ndalama pa shopu sizinalowe kwenikweni koma mutu wanga unagwira ntchito ya mwezi wathunthu. Ine ndili ndi kasteshonale pa Chitakale ku Mulanje, fotokope, kutayipa, kupulinta, laminesheni, ndie amene amandidyetsa kwambiri ndi ma CV ndi makalata ofunsira ntchito boma likangotulutsa ma advert.

Lolemba m'mawa ndikupukuta fumbi pa pulinta kunalowa mnyamata wamtali wa ku Muloza atapanira envulopu ya khaki m'khwapa, yofewa kale ndi thukuta. Akuti anti munditayipire CV ndi kalata, ndikufuna ndikhale ofesala wa intelijensi ku asilikali a pamadzi. Ine ndinayamba ndaseka kaye, osati momunyoza koma abale, kuno madzi athu ndi Ruo, Likhubula ndi Lichenya, za pamadzizo wazitola kuti? Iye nkhope ili gwa. Kalata anali atalemba kale pa mapepala a m'kope, masamba awiri, chizungu chokopera pa intaneti choti nditamufunsa tanthauzo la mawu awiri okha anangokanda m'mutu, ndipo adiresi pamwamba inali ya navy ya ku America. Ndinati mwana wanga tisawononge inki, ku America sukhala ofesala ngati si iwe nzika ya konko, ndie kuli bwanji za intelijensi. Ifenso asilikali a pamadzi tili nawo pansi pa Malawi Defence Force, malo awo ali ku Monkey Bay. Ndipo ma advert onse amene anthu amabwera nawo pano amangoti recruit kapena officer cadet, yoti tikufuna kazitape sinalowepo pakhomo langa. Umalowa kaye, ukakhetse thukuta ku MAFCO, sukulu ya asilikali ku Salima, zoti upite mbali iti akaona okha akuluakulu.

Lachiwiri tinakhuthula envulopu ija patebulo. MSCE yake ndi yabwino ndithu makamaka Geography ndi masamu, kuphatikiza ka dipuloma ka za kompyuta. Koma dzina la bambo ake pa satifiketi lili ndi h, pa chiphaso cha unzika lilibe, kachilembo kamodzi basi. Iye akuti anti simungangosikana n'kukonza pa kompyutapo? Mxiii. Ndinamuuza kuti iwe ukufuna ntchito ya anthu amene tsiku lonse amafufuza za anzawo, nde ukuganiza kuti iweyo sakakufufuza mpaka kwa amfumu kwanu? Ndinamutumiza ku khothi pa boma akalumbire afidaviti yoti maina awiriwa ndi a munthu mmodzi. Pempho limeneli limandipeza pafupifupi sabata iliyonse, ena amafuna ndisinthe chaka chobadwa, ena 7 wa pa MSCE asanduke 4, ndipo ndikakana amapita akunyinyirika kuti mayi uja ndi wamatama.

Tsiku lenileni linali Lachitatu. Magetsi anazima kuyambira m'mawa, jenseti yanga inafa kalekale, ndie tinangokhala pa khonde ine, mnyamata uja ndi madala ena opuma usilikali amene amabwera kudzachita fotokope mapepala a penshoni. Atamva nkhani anavula chipewa n'kuchiika pa bondo, akuti mnyamata iwe, Likoma ili kuti? Iye akuti pa nyanja. Madala akuti mbali iti ya nyanja, madzi ozungulira ndi a ndani? Zii. Ndie anayamba kumuphunzitsa pompo akujambula ndi kamtengo pa dothi, kuti Likoma ndi Chizumulu ndi zathu koma zazunguliridwa ndi madzi a Mozambique, kuti kumpoto kuli mkangano ndi Tanzania chifukwa ife timagwira pangano la 1890 la Britain ndi Germany limene linaika malire m'gombe la kuvuma pomwe iwo amati malire adutse pakati pa nyanja, ndipo unabukanso mu 2012 nkhani yofufuza mafuta itayamba. Anafika mpaka 1914 pamene sitima ya Guendolen inakaombera ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, ili pa gombe ku Liuli, tsidya la Tanzania. Ine ndemwe zimenezi ndinazimvera pomwepo. Akuti amene akakufunse mafunso sakafuna kumva kuti ndimakonda dziko langa, aliyense pamzere akanena zomwezo, akafuna aone ngati nyanjayo ukuidziwa ndiponso ngati umawerenga nyuzi.

Kenako anamufunsa funso loti ine ndinaliona ngati lachibwana, kuti kuchokera ku Muloza kufika pano waona chani? Eee mnyamata uja anamasuka. Anatchula minibasi imene anakwera ndi mtundu wake, anthu angati anatsika pa Limbuli, matumba a chimanga amene anakwezedwa ali ndi zolemba za Chipwitikizi, mpaka kondakitala kuti anasintha mtengo kawiri. Madala anangondiyang'ana. Akuti mayi, intelijensi ndi imeneyi, si magalasi akuda ndi jekete lalitali ayi, ndi kuona, kukumbukira, kusiyanitsa chimene waona ndi maso ndi chimene wangomva, kenako n'kulemba mwachidule kuti bwana awerenge asanamalize tiyi. Tili pomwepo foni yake inalira, mnyamata n'kuyamba kulakatula Chipwitikizi chosakaniza ndi Chilomwe ndi mnzake wa ku Milange. Atadula ndinamufunsa kuti nanga zimenezi bwanji sunalembe pa CV? Akuti aaa anti, chimenechi n'chilankhulo cha kumsika basi. Koma ana inu! Dziko loti kumwera konse lazunguliridwa ndi Mozambique, nyanja yomwe tikugawana nawo, iwe ukubisa Chipwitikizi n'kumalemba kuti umakonda kuonera mafilimu?

Lachinayi magetsi atayaka tinayambiranso pa pepala loyera. Zilankhulo tinaika pamwamba, Chichewa, Chilomwe, Chingerezi ndi Chipwitikizi, koma ndinamukakamiza alembe zoona kuti kulankhula amatha, kulemba n'kwapang'ono, chifukwa akhoza kukamupatsa pepala kuti tamasulira ichi. Ndikumufunsafunsa kunatulukanso ina, nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 iye ndi amene ankalemba maina pa kampu ina ya pasukulu kwawoko, mabanja angati, ana angati, ndani walandira ufa ndani sanalandire, tsiku ndi tsiku m'kope la hadikava. Zimenezinso sanazione ngati kanthu poti sankalipidwa. Tinazilemba m'mizere itatu yopanda zokometsera. Pa ma referee ankafuna kuika munthu wina wandale woti anangogwirana naye chanza pamaliro, ndinafufuta n'kuika ahedi a pasukulu paja ndi aphunzitsi ake a ku koleji, anthu oti akaimbiridwa foni sangayambe ndi kufunsa kuti ndani ameneyo. Ndinamuuzanso atsegule Facebook yake ndione, mayo ine, zotukwanizana za zipani kuyambira chaka chatha. Msilikali sakhala wa chipani, ndie anakhala pa benchi ola lathunthu akufufuta yekha. Kalata ya masamba awiri ija inatsala theka la tsamba.

Lachisanu kunabwera bambo ake, akapitawo pa esiteti ina ya tiyi, atavala jombo zawo. Anakhala kaye nthawi akufunsa za mvula ndi za ana kenako n'kutsitsa mawu, akuti mayi, pali munthu watiimbira kuti ali ndi njira yoika dzina la mwanayu pa mndandanda, tingotumiza kangachepe pa foni, ndie ndimati ndigulitse mbuzi ziwiri. Ndinati bambo, advert sinatuluke n'komwe, mndandanda wake uti? Anthu amenewa amanunkhiza ngati ntchentche, chaka chilichonse ndimaona makolo akulira pa benchi yomweyi. Sanandiyankhe, anangopukusa mutu, kaya anamva kaya mbuzi zapita, pofika lero sanabwerenso.

Loweruka ndinali pa mapulogalamu a ukwati ndi a chiliza, ntchito yodyetsa koma yosasangalatsa kufotokoza. Cha m'ma 10 mnyamata uja anatulukira ali thukuta kamukamu, afidaviti ili m'pulasitiki, akuti wayamba kuthamanga m'mawa uliwonse monga anamuuzira madala aja, ndipo akufuna apite kwa azakhali ake ku Mangochi akayese kusambira pa nyanja nthawi ya mwera poti madala anamuseka kuti kusambira mu Ruo n'kusamba chabe. Ndinamuikira zonse mu flashi kuti advert ikadzatuluka tidzangosintha deti ndi adiresi. Asanapite anapempha ndimupulintire mapu a nyanja a kala akamate kuchipinda kwake, koma inki ya buluu inali itatha osadziwa ine, nyanja yonse kuyambira Karonga mpaka Mangochi inatuluka ya pinki. Ndinati ndisakulipiritse, bwera Lolemba. Iye anakana, anaipinda bwinobwino n'kuiika mu envulopu ya khaki ija, akuti Likoma ikuoneka, n'kuthamangira minibasi ya ku Muloza.