Mbiri ya moyo wanga, gawo 11: Ntchito yofufuza zofufuzidwa kale

Nditasiya choko, ganyu yoyamba imene ndinapeza inali yoyesa ana a Sitandade 2 kuwerenga m'sukulu zakumudzi. Njira yophunzitsira imene tinkailondola inali itayesedwa kale m'tauni, ndipo kumeneko ana anachita bwino. Ife anatituma kukaona ngati ingaphulenso kanthu kumene mphunzitsi mmodzi akulimbana ndi ana oposa 100, ena ali pansi pa mtengo wa mango.

Amalume atamva anaseka. "Ndiye akukulipira kuti ukapeze zimene anzako anapeza kale?" Maganizo amenewa ngakhale ophunzira kwambiri ali nawo. Mu 2014 akatswiri a kafukufuku awiri, Makel ndi Plucker, anasanthula magazini 100 otsogola a kafukufuku wa maphunziro, n'kupeza kuti pa nkhani zonse, zobwereza kafukufuku wa ena zinali 0.13 peresenti basi. Aliyense amafuna kutchedwa woyamba.

Sukulu zinasankhidwa mwa mayere, timapepala m'chidebe, mafumu akuonerera. Zina zinalandira mabuku atsopano, zina zinayenera kupitiriza mwakale kuti tidzayerekeze. Koma ahedi ena a sukulu zosagwera mwayi anangokwera njinga kukabwereka mabukuwo kwa anzawo, n'kumati mwana wamnzako ngwako yemwe. Ine monga mphunzitsi ndinawamvetsa, ngakhale kuyerekeza kwathu kunasokonekera pomwepo.

Mwana aliyense ndinkamupatsa mphindi imodzi, wotchi ili m'manja, iye akuloza zilembo ndi kachala konjenjemera. Aphunzitsi ena ankadutsadutsa pawindo n'kumanong'oneza, "ga... ga... galu." Tsiku la msika tinkapeza kalasi ili pululu. Nyengo yosoka fodya ndiye musanene.

Mkulu wa gulu lathu tikamadandaula ankatikumbutsa za ku Kenya. Kumeneko aphunzitsi a kontirakiti anathandiza ana kukhoza bwino pamene pulogalamu yowalemba ntchito inkayendetsedwa ndi bungwe lomwe si laboma. Pulogalamu yomweyo, m'manja mwa boma, phindu silinaoneke, ndipo chimodzi mwa zovuta chinali kuchedwa kwa malipiro. Pakanapanda oyesanso, anthu akanangoti njirayo ndi yabwino paliponse. N'chifukwa chake ankatiumiriza kulemba chilichonse, ngakhale zoti denga ladontha ndipo ana abalalika isanakwane 10 koloko.

Makope amene ndinkalembamo zimenezi ndi amene anadzandikanganitsa ndi amene ankapereka ndalama, poti iwo ankafuna lipoti losalala. Za mkanganowo tidzakamba m'gawo 12.