Zimene maroketi obwerera andiphunzitsa mwezi uno

Mutu wa maroketi ndinauyamba chifukwa cha mayeso a fizikisi basi. Kenako mnzanga wina anandionetsa kanema pa foni yake: chinthu chachitali ngati nsanja chikutsika chafutambuyo, moto uli lawilawi kumunsi, miyendo inayi n'kutambasuka, n'kutera bwinobwino pa chombo pakati pa nyanja. Ndinamuuza kuti ndi zopanga pa kompyuta. Anangoseka.

Usiku womwewo ndinatenga kope ndi kakyuleta n'kuyamba samu imene Konstantin Tsiolkovsky, mphunzitsi wa ku Russia, anasindikiza mu 1903. Kuti chinthu chizizungulira dziko osagwa, chimafunika liwiro la makilomita pafupifupi 28,000 pa ola. Nditaika manambala a injini yoyendera parafini ndi okosijeni, yankho linandidabwitsa: roketi ya chigawo chimodzi, yosataya mbali yake iliyonse m'njira, pa makilogalamu 100 alionse, pafupifupi 96 ayenera kukhala mafuta. Anayi otsalawo ndiye agawane thanki, injini ndi katundu. Ndinabwereza katatu poganiza kuti ndaphonya batani. Ayi ndithu, yankho lomwelo. Apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake akatswiri anatha zaka zambiri akungotaya maroketi m'nyanja. Mwendo uliwonse woterera, dontho lililonse la mafuta osungira pobwerera, zimadya malo a katundu amene kasitomala walipira.

Ine ndinkaganiza kuti nkhani yonse yagona pa kutera. Roketi ya Falcon 9 ya kampani ya SpaceX inatera koyamba pa 21 December 2015 ku Cape Canaveral ku America, ndipo mu April 2016 inatera pa chombo cha panyanja. Kutera kwake n'kovutadi. Roketiyi ili ndi zigawo ziwiri, ndipo chimene chimatera ndi choyamba, chakumunsi. Chigawo choyambacho chili ndi injini zisanu ndi zinayi, koma pofika pansi chimakhala chapepuka kwambiri moti ngakhale injini imodzi yokha, atayichepetsa mphamvu mpaka pomaliza, imachikankhabe kubwerera kumwamba. Sichingaime m'malere n'kumayang'ana poponda. Liwiro liyenera kuthera pomwe miyendo ikukhudza pansi, apo ayi zaphulika.

Koma tsiku limene ndalilemba ndi cholembera chofiira m'kope mwanga ndi 30 March 2017, pamene chigawo chimene chinaulukapo kale chinanyamukanso. Kubweza chinthu ndi nkhani ina, kuchigwiritsanso ntchito mwachangu ndi inanso.

Amene anandiphunzitsa zimenezi ndi Space Shuttle, ndege yopita mumlengalenga ya dziko la America. Nayonso inkabwerera, ndipo inauluka maulendo 135 kuyambira 1981 mpaka 2011. Anthu anauzidwa kuti iziuluka pafupipafupi, mtengo n'kutsika. Chaka chimene inachita bwino kwambiri, 1985, inauluka kasanu ndi kanayi kokha. Ikatera, amisiri ankatha miyezi akuunika timatailosi masauzande toiteteza ku kutentha ndi kumasula injini. Ndinakumbukira minibasi ya amalume anga imene inkakhala kugaraji masiku ambiri kuposa pamsewu. Inali yawoyawo, yosachita kubwereka, koma dalaivala ndi kondakitala ankafuna malipiro ngakhale yagona pa jeke. Minibasi imabweza ndalama ndi matiripi.

Manambala a Falcon akuonetsa zomwezo mbali inayo. Mu 2021 maroketi amtunduwu ananyamuka maulendo 31, mu 2022 maulendo 61, mu 2023 anafika 96, ndipo mu 2024 anakwana 134. Mukawerengera, ndiye kuti pamasiku atatu alionse imodzi inali itanyamuka. Fakitale, malo onyamukira, zombo za panyanja ndi malipiro a antchito zimadya ndalama kaya roketi yauluka kaya ayi, choncho maulendo akachuluka mtolowo umagawika.

Funso limene linandisowetsa tulo linali lakuti, okwera onsewa achokera kuti? Makampani ndi maboma ofuna kutumiza masetilaiti si ochuluka chotero. Yankho lake ndi lakuti maulendo ambiri a 2024 ananyamula masetilaiti a Starlink, omwe mwini wake ndi SpaceX yomweyo. Mwini minibasi anatsegulanso sitolo yake kuti galimoto isamasowe katundu. Intaneti ya Starlink inafika kuno ku Malawi mu 2023, ndiye timbale toyera timene tayamba kuoneka pa madenga ena timalipirira nawo matiripi amenewa. Apa ndimakayika pang'ono ndikamva anthu akuti aliyense wopanga roketi yobwerera apindula. Wopanda katundu wake wodzaza mlungu ndi mlungu akhoza kugwa m'dzenje lomwe munagwa Shuttle.

Ena akubwera ndithu. Roketi ya New Glenn ya kampani ya Blue Origin inateretsa chigawo chake choyamba pa chombo mu November 2025, paulendo wake wachiwiri wokha, ndipo makampani a ku China ali kalikiliki kuyesa zawo. Pa 13 October 2024, chigawo choyamba cha Starship, roketi yatsopano ya SpaceX, cha injini 33, chinawakhidwa m'malere ndi mikono ya nsanja ku Texas. Komabe pa Falcon 9 chigawo chachiwiri chimatayidwabe ulendo uliwonse, chifukwa ndicho chimafika pa liwiro lija la 28,000, ndipo pobwerera chimakumana ndi kutentha komwe kunavutitsa Shuttle. Starship ikufuna kuthana ndi zimenezi, nayonso ndi matailosi. Ine chimene ndizidikira kuona si tsiku limene idzatere, koma masiku amene adzadutse isananyamukenso.

Mayeso ali Lachisanu, ndipo za matiripizi sizibweramo. Ndabwerera ku samu ya Tsiolkovsky, tsopano ya zigawo ziwiri, ndipo pena pake ndikusokonezabe kulemera kwa thanki yopanda kanthu.