Zimene ndaphunzira powerenga makalata a ma lobbyist a ku Tallahassee

Teremu ino, pa phunziro la kayendetsedwe ka boma, aphunzitsi anatigawira zigawo za dziko la America, aliyense chake, kuti tizitsata zochitika m'nyumba ya malamulo ya chigawocho. Ine chinandigwera ndi Florida, chigawo chimene likulu lake ndi Tallahassee. Anatilangizanso kuti tisamangodalira manyuzipepala, koma tiziwerenga makalata amene makampani a lobbying amatumizira makasitomala awo nyumba ya malamulo ikamakumana. Awa ndi makampani olipidwa kuti azikalankhulira munthu, bizinesi kapena bungwe kwa aphungu ndi akuluakulu a boma, kuti lamulo lidutse, lisinthidwe, kapena lifere m'njira.

Mnzanga wina nditamufotokozera anangoti, "Basitu amenewo ndi madobadoba ovala suti." Sanaphonye kwenikweni, pakuti onsewo amagulitsa kudziwa chitseko choyenera kugogoda. Amasiyana poti lobbyist wa ku Florida amalembetsa ku boma, amatchula dzina la amene wamutuma, ndipo kampani yake imapereka lipoti la malipiro miyezi itatu iliyonse. Aliyense akhoza kuliwerenga pa intaneti. Komanso lamulo limaletsa pangano loti "ndidzakulipira bilu ikadutsa".

Chimene chinanditengera nthawi kumvetsa n'chakuti anthuwa mphamvu amazitenga kuti, popeza savota. Yankho ndinalipeza pa kalendala. Florida ili ndi aphungu 120 m'nyumba yaing'ono ndi masenata 40, ndipo nthawi yawo yokhazikika yokumana ndi masiku 60 okha pa chaka, kuyambira mu Malichi, kapena mu Januwale chikakhala chaka cha chisankho. Malipiro a phungu ndi pafupifupi madola 30,000 pa chaka, choncho ambiri ali ndi ntchito zina kwawo: maloya, ogulitsa nyumba, eni mabizinesi. Pamwamba pa izo, mu 1992 anthu anavota kuti phungu asapitirire zaka 8 zotsatizana pa mpando umodzi. Cholinga chinali chabwino, chothana ndi andale okakamira pampando. Koma taganizani phungu amene wangolowa kumene, wapatsidwa komiti ya za inshulansi, pomwe kunyumba amagulitsa magalimoto. Akamayamba kuzimvetsa, zaka zake zatsala pang'ono kutha. Lobbyist amene wakhala akuyenda m'makonde omwewo zaka makumi awiri amakumbukira kuti ndime inayake inalembedwa chaka chiti, anaipempha ndani, ndipo inakanika pati. Malire a zaka 8 aja samukhudza iye. Ndikuona kuti chimene kasitomala amagula kwambiri ndi kukumbukira zakale za nyumbayo, ndi kudziwa tsiku loyenera kulankhula.

Makalata aja amafanana kwambiri, kaya achokere ku kampani iti. Mbali yaikulu imakhala yotsata mabilu: yakuti yadutsa komiti yoyamba, yakuti yasinthidwa ndime, inzake ya ku Senate sinasunthe. Mbali imeneyi ndimaikhulupirira, mwina kuposa nyuzipepala, chifukwa kasitomala amene akulipira madola masauzande pa mwezi sangalole kunamizidwa za tsiku la komiti. M'menemo ndi momwe ndinaphunzira kuti ntchito yambiri ya lobbyist ndi kupha mabilu, osati kuwadutsitsa. Chaka chilichonse amalembetsedwa mabilu oposa 1,000, koma ofika pa desiki ya bwanamkubwa ndi mazana ochepa. Bilu imatumizidwa ku makomiti awiri kapena atatu, ndipo wapampando wa komiti imodzi akangopanda kuiika pa mndandanda wa zokambirana, masiku 60 amatha iyo ili chigonere. Palibe amene wavota kuti ayi, palibe mtolankhani amene walemba. M'kalata mumangopeza mzere umodzi woti biluyo inafera mu komiti, ndipo kwa wina wake mzere umenewo ndi malipiro a chaka chonse.

Mbali ya zipambano ndi imene imafuna maso awiri. Chitsanzo chimene ndinachitsata kwambiri ndi lamulo la 2017 lokhudza Uber ndi Lyft (makampani oitanitsira galimoto ya hayala pa foni), limene bwanamkubwa Rick Scott anasainira. Lisanabwere, maboma a m'madera ngati Miami-Dade ndi Hillsborough ankaika malamulo awoawo, ndipo makampaniwa ankakangana nawo nthawi ndi nthawi. Lamulo latsopano linaika malamulo amodzi a chigawo chonse pa inshulansi ndi kufufuza mbiri ya madalaivala, n'kuwalanda maboma a m'maderawo mphamvu yoika awo. Wolembera kasitomala wa mbali imeneyo anganene kuti kwabwera dongosolo, ndipo sakunama. Koma eni matakisi, amenenso anali ndi owalankhulira awo ku Tallahassee, anaona mpikisano umene sakanatha kuuletsa, ndipo makhansala anataya nkhani imene inali m'manja mwawo. Njira yokapempha boma la chigawo kuti litseke pakamwa maboma ang'onoang'ono ndinaipeza mobwerezabwereza, chifukwa n'kosavuta kunyengerera nyumba imodzi kusiyana ndi kuzungulira maboma 67 amene ali mu Florida. Kalata ya wopambana sitchula amene waluza. Kuti umupeze, uyenera kukatsegula kaundula wa boma n'kuona amene analembetsa kudzalankhula pa bilu yomweyo. Nyumba yaing'ono inakhwimitsa zimenezi pa nthawi ya sipikala Richard Corcoran, pomwe inalamula kuti lobbyist azilemba bilu iliyonse imene akuigwirira ntchito asanalankhule ndi phungu.

Za bajeti ndingonena pang'ono, ngakhale kuti ndalama zenizeni zili kumeneko. Mizinda, zipatala ndi mayunivesite nawonso amalemba ma lobbyist kuti ntchito zawo zilowe m'bajeti. Malamulo aakulu a Florida amati bajeti ikamalizidwa ikhale maola 72 aphungu asanaivotere, ndipo bwanamkubwa ali ndi mphamvu yofufuta mzere umodziumodzi. Ndiye aphungu akamabalalika, ogwira ntchito m'nyumba ziwirizo ataponya timipango pansi monga mwa mwambo wawo wotsekera, lobbyist ntchito yake imakhala isanathe: amasamukira ku ofesi ya bwanamkubwa kukateteza mzere wa kasitomala.

Mbali yachitatu ndi yodzitama: takwanitsa zaka zakuti, tatsegula ofesi kwakuti, talandira mnzathu watsopano. Poyamba ndinkaidumpha, koma aphunzitsi anati tiyike masiku a nkhani zoterezi pambali pa masiku a zisankho. Ndinayesa ndi Ballard Partners, imodzi mwa makampani akuluakulu ku Florida. Mwini wake, Brian Ballard, anagwirapo ntchito ngati mkulu wa ofesi ya bwanamkubwa Bob Martinez, ndipo anayambitsa kampaniyo ku Tallahassee mu 1998. Kwa zaka zambiri inali ya ku Florida basi, ndipo mmodzi mwa makasitomala ake anali kampani ya Donald Trump. Mu 2016 Ballard anatsogolera ntchito yosonkhanitsa ndalama za kampeni ya Trump ku Florida. Mu 2017 kampaniyo inatsegula ofesi ku Washington. Mu 2019 inalandira Pam Bondi, amene anali atangomaliza zaka 8 ngati loya wamkulu wa boma la Florida. Susie Wiles nayenso anagwirapo ntchito kumeneko. Mu 2025 Bondi anakhala loya wamkulu wa dziko lonse la America, Wiles anakhala mkulu wa ofesi ya pulezidenti ku White House. Palibe cholakwira lamulo pa mndandanda umenewu. Koma ukauwerenga motere, umaona kuti chilengezo chotsegula ofesi kwenikweni ndi uthenga kwa makasitomala woti tsopano tili ndi anthu m'kati.

Anthu a ku Florida akhala akuyesa kuchepetsa zimenezi. Mu 2005 nyumba ya malamulo inaletsa ma lobbyist kupatsa aphungu mphatso, ngakhale chakudya chamadzulo. Mu 2018 ovota anavomereza kuti wochoka pa udindo adikire zaka 6 asanayambe lobbying kumene ankagwira ntchito, ndipo lamulolo linayamba kugwira kumapeto kwa 2022. Ndine wokayikirabe. Kumugulira phungu nyama yowotcha n'koletsedwa, koma kupereka cheke chachikulu ku komiti yake ya ndale n'kololedwa. Aphungu saloledwa kusonkhetsa ndalama za kampeni nyumba ikamakumana, ndiye maphwando osonkhetsa ndalama amachuluka masiku oyandikira kutsegulira. Malipoti a malipiro nawo sanena zonse: pansi pa madola 50,000 kampani imangosonyeza kuti ndalamazo zili pakati pa zakuti ndi zakuti, moti amene amawerengera kuti kampani yapeza zingati amachita kuyerekeza.

Komabe sindikugwirizana ndi anzanga a m'kalasi amene akuti ntchito yonseyi ingothetsedwa. Bungwe la anamwino, la aphunzitsi, la makolo a ana olumala, onsewa amafuna wina wodziwa kuti komiti ikukumana liti ndipo ndime yowapweteka yabisala pa tsamba liti. Vuto limene ndikuliona ndi la mtengo: wokhala ndi ndalama amalemba makampani angapo nthawi imodzi, wina wogwirizana ndi sipikala, wina ndi pulezidenti wa Senate, wina ndi bwanamkubwa, pomwe bungwe laling'ono limatumiza munthu mmodzi woti akalankhule mphindi imodzi kapena ziwiri mu komiti.

Pofufuza za Ballard ndinakumana ndi dzina la kwathu kuno kummwera kwa Africa. Lamulo la FARA la 1938 limakakamiza aliyense wolankhulira boma lakunja ku America kuti alembetse ndi kuonetsa pangano lake, ndipo m'kaundula ameneyo muli boma la Zimbabwe, limene linalemba kampaniyi mu 2019 pa madola 500,000 pa chaka, likufuna kukonza ubale ndi Washington pa nthawi ya ziletso za zachuma. Ziletsozo zinali zidakalipo pamene Trump anachoka pampando mu Januwale 2021. Amene anadzathetsa ndondomeko yakale ya ziletsozo ndi Joe Biden mu Malichi 2024, ndipo tsiku lomwelo boma lake linaika ziletso zina pa pulezidenti Emmerson Mnangagwa ndi anthu angapo oyandikana naye. Pepala langa lomaliza teremu ndalemba pa nkhani imeneyi, ndipo funso limene aphunzitsi andibwezera nalo ndi lakuti kasitomala angayeze bwanji ntchito ya lobbyist pamene chimene ankafuna sichinachitike. Ndiyenera kuwayankha Lachisanu lisanafike.