Kufunditsa galimoto yogonamo chisanu chisanafike

Loweruka, sabata yoyamba ya Novembala.

Chibwezereni mawotchi m'mbuyo ndi ola limodzi Lamulungu lomaliza la Okutobala, monga zimachitikira chaka chilichonse ku UK, kuno ku Glasgow ku Scotland dzuwa likumalowa isanakwane 5 koloko, choncho ine ndi mayi akunyumba tinalawirira kumalo kumene timasungitsa motorhome yathu, galimoto yokhala ndi pogona ndi pophikira ija. Siyendanso mpaka Malichi, ndipo lero linali tsiku lomanga mfundo: kuifunditsa kapena kuisiya pamtunda.

Bambo wina wachikulire amene amasungitsa yake pamalo omwewo safunditsa konse. Anatiuza kuti mphepo ya kumadzulo kwa Scotland imakupiza nsalu usiku wonse, ndipo mchenga ukangolowa pansi pake, nsaluyo imakhula penti ndi kukanda mawindo a mbali yogonamo, omwe ndi a pulasitiki osati galasi. Mfundo yawo ndi yomveka ndipo sindinawatsutse. Komabe yawo imaima pamtetete pomwe yathu ili pansi pa mitengo, ndipo nditakwera makwerero ndinapeza padenga masamba ovunda atatseka modutsa madzi, zitosi za mbalame, komanso ndere zobiriwira zitazungulira zenera la padenga. Madzi akamaima pamenepo miyezi inayi amafunafuna polowera, ndipo chinyontho chikalowa m'makoma a galimoto yotere chimaoletsa mwakachetechete, mwini n'kudzazindikira ndi fungo zinthu zitaipa kale.

Chimene ndakana ndi lona wamba wa pulasitiki, ngakhale ndi wotchipa. Aliyense amene anaonapo chimanga chosauma chitafunditsidwa lona akudziwa kuti chimene chimachiononga si mvula yakunja, koma thukuta lochokera mkati. Galimoto nayonso imachita thukuta masana kukafunda ndipo usiku kukazizira, motero imafuna nsalu yotchinga mvula koma yolola nthunzi kutuluka, yofewa kunsi kwake, ndiponso yosokedwa molingana ndi msinkhu wa galimotoyo kuti isakupize. Pa ine ndekha, kusiya galimoto osafunda n'kwabwino kuposa kuikulunga mu lona.

Ntchito yambiri inali yoti tichite tisanafike pa nsaluyo. Tinatsuka galimoto yonse kuyambira padenga, ndipo mwamwayi kunali kamphepo kopanda mvula, kotero pofika masana inali itauma. Pamene tinali kudikira ndinakhetsa madzi onse, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani, chifukwa madzi akaundana amafufuma ndi pafupifupi 9 peresenti, zomwe n'zokwanira kung'amba mapaipi ndi thanki yotenthetsera madzi. Chotenthetsera chathu ndi cha kampani ya Truma, ndipo chili ndi valavu imene imadzitsekukira yokha kuzizira kukafika pa madigiri 3, koma valavuyo siikhetsa madzi otsalira m'mipope ndi m'paipi ya shawa. Ndinatsekula mipope yonse n'kuisiya pakati pa madzi otentha ndi ozizira, ndinakhuthula thanki ya madzi akumwa, ya madzi otsukira ndi ya chimbudzi, kenaka ndinatseka gasi. Mayi anatulutsa chakudya chonse poopa mbewa, anasiya firiji ndi makabati zili zotsekula pang'ono, ndipo zofunda ndi mapilo tinabwera nazo kunyumba.

Batire la mbali yogonamo nalonso ndabwera nalo, popeza nsalu ikaphimba sola ya padenga batirelo silitchajanso, ndipo batire lotha mphamvu silichedwa kufa m'nyengo yozizira.

Pofunditsa pamafunika anthu awiri. Tinayamba takulunga siponji pamlongoti wa TV ndi m'makona onse osongoka, tinapinda magalasi oonera kumbuyo, kenaka tinakokera nsalu kuchokera kutsogolo pang'onopang'ono osaikhweketsa pansi. Malamba odutsa kunsi kwa galimoto ndinawamanga molimba mpaka nsalu inasiya kuchita mafunde, ndipo zipi yake inagwera ndendende pachitseko, chinthu chimene chinandikondweretsa chifukwa ndidzatha kulowa osavula nsalu yonse.

Madzulo ndinalembetsa SORN pa intaneti ku DVLA, bungwe la boma loona za kalembera wa galimoto, kuwadziwitsa kuti galimotoyo siikuyenda pamsewu, kuti ndisamalipire msonkho m'miyezi imene ili chiimire. Ndagwirizana ndi mayi kuti tizipitako mwezi ndi mwezi, komanso mphepo yamkuntho ikangodutsa, kukaona malamba, kutsekula chitseko kuti mpweya upite, ndi kusuntha galimotoyo pang'ono kuti matayala asaphwatalale mbali imodzi.