Mapanga awiri: uinjiniya ndi zachuma m'digiri imodzi

Tsiku limene ndinauza a malume kuti ndapeza mwayi wokaphunzira ku Germany digiri yophatikiza uinjiniya ndi zachuma, anali pakhonde la nyumba yawo ku Chilomoni, akupukuta masipanala awo akale ndi kansanza kakuda bii. Sanadzutse ndi mutu womwe. Anangoti, "Mphwanga, mapanga awiri avumbwitsa. Sankha chimodzi, uchidziwe." Iwo anagwira ntchito ya umakaniko ku Makata kwa zaka zambiri, ndipo m'maganizo mwawo injiniya ankachokera ku Poly, imene masiku ano ikutchedwa MUBAS, pomwe katswiri wa zachuma ankachokera ku Chanco ku Zomba. Zoti munthu mmodzi n'kukhala zonse ziwiri ankaziona ngati chibwana.

Kumene ndinapitako maphunziro amenewa si achilendo, popeza anayambira ku Berlin m'chaka cha 1927. M'mawa tinkaphunzira za kulimba kwa zitsulo ndi kayendedwe ka madzi m'mapaipi, masana n'kukhala pa kawerengedwe ka ndalama za kampani, misika ndi chiwongoladzanja. Chimene chinandidabwitsa m'chaka choyamba n'chakuti masamu ake ndi amodzimodzi: njira imene injiniya amapezera pamene mtanda wa mlatho ungapindike kwambiri ndi yomweyo imene wa zachuma amapezera pamene mtengo wopangira katundu ungatsike kwambiri. Amene masamu anamukana ku sekondale asadzinamize kuti akabisala ku mbali ya zachuma, chifukwa nakonso akawapeza akumudikira.

Komabe phindu lenileni la digiriyi ndinalimvetsa nditabwerera ku Blantyre, ndipo amene anandiphunzitsa ndi mpope wa panja pa nyumba yathu. Madzi ambiri amene timamwa mumzinda muno amachokera mumtsinje wa Shire, pa Walker's Ferry, pamtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo mapampu amawakankha kukwera chitunda cha mamita pafupifupi 800, kudzera pa Chileka, asanafike m'mathanki a m'tauni. Usiku wina, mpope utauma, ndinatenga pepala n'kuwerengera. Kukweza malita 1,000 a madzi pamsinkhu umenewo kumafuna mayunitsi a magetsi oposa awiri, ndipo apo sindinawonjezere mphamvu imene imatayika m'pampu momwemo ndi m'mapaipi. Tanthauzo lake n'lakuti m'bilu ya madzi muli bilu ya magetsi yobisala, ndipo paipi ikaphulika ku Ndirande, chimene chikuyenderera m'ngalande si madzi okha ayi, komanso magetsi a ku Nkula ndi ku Tedzani amene analipiridwa kale. Injiniya akaona paipi yotero amaganiza za kuthamanga kwa madzi ndi kukalamba kwa chitsulo, wa zachuma amaganiza za ndalama zimene sizidzatoleredwa, koma ine ndinapezeka ndikuona zonse ziwiri papepala limodzi, ndipo tulo sindinatione msanga.

N'chifukwa chake ntchito yobweretsa madzi kuchokera ku Likhubula, m'phiri la Mulanje, imandisangalatsa ngati phunziro. Kumeneko madzi amayambira pamwamba, choncho mbali yaikulu ya ulendo wake amatsetsereka okha. Mapaipi ataliatali amadya ndalama zambiri pachiyambi, ndipo ntchitoyo inatheka ndi ngongole yochokera ku India, koma ndalama zogulira magetsi chaka ndi chaka zimachepa. Funso loti njira yabwino ndi iti, yodula lero n'kupepuka mawa kapena yotsika mtengo lero n'kumakudya mwezi uliwonse, silingayankhidwe ndi uinjiniya pawokha. Pamafunika kudziwa kuti kwacha ya lero siilingana ndi kwacha ya zaka khumi zikubwerazi, ndiponso kuti pampu ndi masipeya ake zimagulidwa ndi madola pomwe ogwiritsa ntchito madzi amalipira makwacha. Pamene ndalama yathu inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndinaona bajeti ya ntchito ina imene tinali titaikonza bwinobwino ikusanduka pepala lachabe m'tsiku limodzi, ngakhale kuti pa zojambula za ntchitoyo panalibe mzere ndi umodzi womwe wolakwika.

Sindinganame kuti a malume analakwitsa kotheratu. Nthawi imene anzanga ochita uinjiniya wokhawokha ankazama pa kamangidwe ka maziko ndi konkire, ine ndinali m'kalasi ya malamulo a zamalonda, ndipo mpata umenewo umaoneka. Pa mayeso olowera ntchito pakampani ina kuno, bambo wina wa imvi anatembenuza satifiketi yanga kawiri, n'kundifunsa mwaulemu kuti, "Achimwene, tingokufunsani, kodi inuyo ndinu injiniya kapena ndinu a maakaunti?" Ndinayankha kuti ndine zonse, ndipo nkhope zawo zinandiuza kuti amva ngati ndanena kuti sindine chilichonse. Ntchitoyo sindinaipeze. Ngakhale kulembetsa monga injiniya kunanditengera makalata ambiri ofotokoza maphunziro amene ndinachita, limodzilimodzi, ndi maola ake.

Kumene ndikugwira tsopano, ntchito yanga ndi kukhala pakati pa ojambula mapulani ndi osunga ndalama, anthu amene nthawi zambiri amalankhulana ngati ochokera m'mitundu iwiri. Injiniya akanena kuti pakufunika paipi yokulirapo, ine ndimamasulira kuti kukula kumeneko kudzabweza ndalama zake m'zaka zingati chifukwa cha magetsi opulumutsidwa. A maakaunti akafuna kudula, ndimawaonetsa pamene kudulako kudzaswe pampu. Loweruka lililonse m'mawa ndimakhala ndi mayi wina amene wakhala pa uinjiniya zaka zambiri, akundiphunzitsa zimene digiri yanga inadumpha, ndipo salephera kundilembera ndi cholembera chofiira.

Sabata yatha ndinapita ku Chilomoni, ndipo ndinapeza madzi atasiya kuyambira dzulo lake. Ndinayamba kuwafotokozera a malume za Walker's Ferry, za mamita 800 ndi za mayunitsi aja, iwo akugwedeza mutu pang'onopang'ono ngati akutsatira. Nditamaliza analowa m'nyumba, natuluka ndi zigubu ziwiri zachikasu, n'kundipatsa zonse. "Poti unaphunzira ziwiri," anatero, "nyamula ziwiri. Mjigo uli kuseri kwa tchalitchi."